Zala pa Mwala wa Stella

Kodi mungalote kuti zala zimene zinaoneka pa thebulo la mwala m'khitchini ya loji ina ku Chintheche zinali za yani?

Mwalawo anausankha ndi Stella Chirwa, wophika wamkulu wa palojipo. Mwini malo, a Peterson Mhone, ankafuna thebulo la matabwa, koma Stella anaumirira. Kunyanja kuno kumatentha, ndipo munthu akamakanda masikono pa thabwa lofunda, majarini amasungunuka ntchito isanathe. Koma mabo, mwala woyera wosalala uja, umakhala wozizira ngakhale mu Okutobala. Atapita ku Lilongwe, Stella anasiya miyala yamizeremizere n'kuloza woyera mbee.

"Mwasankha nokha, a Stella," anatero a Mhone. "Ukadzavuta, mudzatulukira nawo limodzi."

Kwa miyezi itatu masikono ake anatchuka mpaka kumsika. Koma mvula itayamba, tsiku lina m'mawa dzuwa litalowa pawindo, Stella anaona zipsera. Mwala unali utasiya kunyezimira m'malo ena, ndipo malowo anali ataliatali ngati zala za munthu, zisanu apa, zinayi apo. Anatsuka ndi sopo. Anapaka mafuta. Zala zili pompo! Sabata yotsatira zinawonjezeka.

Eliza, mayi wa ku Bandawe amene ankatsuka mbale, anagwira pakamwa. "Ama, ine mwala wotere ndinauonapo kumanda kokha. Mwiniwake akuufuna ameneyo."

Pofika masana nkhani inali itafika pageti. Antchito anayamba kumwa tiyi wopanda chomwera, masikono akuwayang'ana. A Mhone analamula kuti Loweruka amisiri adzazule mwalawo, ndipo Stella anakumbukira bwino mawu a ku Lilongwe aja.

Lachinayi Stella anakwera minibasi kupita kwa munthu mmodzi yekha wodziwa mabo m'dera lonselo. Anali a Jeremiah Manda, mmisiri wa ziliza, amene dzina lawo ndi ntchito yawo zinagwirizana ngati mphika ndi chivundikiro. Anamumvetsera mpaka anamaliza, ndipo m'mawa mwake anatulukira palojipo ali panjinga, kachikwama kali kumbuyo.

"Mayo ine!" anafuula Eliza. "Mwatiitaniranso akumanda enieni!"

"Ama Eliza, zaka makumi atatu ndikugwirira ntchito akufa, palibe ndi mmodzi yemwe anandidandaula. Ovuta ndi amoyonu."

A Mhone anaima pakhomo atapinda manja. A Manda anasisita mwala ndi chikhatho, n'kuwerama kuuyang'ana cham'mbali.

"Mwala uwu ndi wofewa, mwana wanga, ndipo mdani wake wamkulu ndi chinthu chowawasa. Ndimu, viniga, ngakhale matimati. Zimenezo zimaudya."

"Ada, zonsezo ndimadulira pa thabwa," anatero Stella. "Apa pamakhala ufa basi."

A Manda anaweramuka. Anatulukira khomo lakuseri, kumene kunali thandala loyanikirapo zinthu, ndipo anabwerako atafumbata kanthu. Anakaika pa chipsera chimodzi. Kanakwanirana ndendende. Anakaika pa china, chimodzimodzinso.

"Ama Eliza, mvula ikagwa masana, a Stella ali kumsika, mumathawitsira kuti zanuzi?"

Eliza anadziphimba kumaso ndi chitenje. "Pajatu m'pamene pali poyera," anatero chapansipansi. "Komanso ndimapukutapo bwinobwino."

A Mhone ndiwo anayamba kuseka, mpaka anakhala pansi pakhomo pomwepo.

Tsiku lonselo a Manda anakhula mwalawo ndi sandipepa wosalala, akuthira madzi pang'onopang'ono, kenaka anaupaka phula n'kuupukuta ndi nsalu yofewa. Stella anaima pambali pawo akuloweza mawu alionse amene ankamulangiza. Sopo ndi madzi ofunda ndi zokwanira. Chikatayika, apukute nthawi yomweyo. Mchenga wa kunyanja ukhale wokwechera mapoto okha. Dzuwa likupendeka, zala zinali zitazimiririka, ndipo a Mhone anaimbira foni amisiri aja kuti asavutike kubwera.

Stella anakanda masikono pamwala pomwepo, misozi ikulengeza. Oyamba kutuluka mu uvuni anawaika m'mbale, n'kugwadira a Manda.

"Yewo, ada. Mwandibwezera ntchito yanga, ndi dzina langa lomwe. Ndikanalowera kuti ine?"

"Dzukani, mwana wanga. Aka n'koyamba kuti ndipukute mwala, mwiniwake n'kundithokoza."

Eliza anatenga awiri, akuti limodzi ndi lopepesera.

Zala zija sizinali za munthu aliyense, wamoyo kapena wakufa. Zinali zidutswa za chinangwa chovuika cha Eliza, chopangira ufa wa kondowole, chimene madzi ake owawasa ankadya mwala nthawi zonse akachithawitsa mvula.