Masiku 10,957

Aphunzitsi a masamu aja, amene ana asukulu ankawatcha a Zotsala, anapuma ntchito chaka chatha, koma mutu wawo unakana kupuma. Banja lawo litatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi atatu, anakhala patebulo ndi pensulo n'kuwerengera masiku onse mpaka tsiku la phwando, osaiwala zaka zimene Febuluwale amafika pa 29. Anapeza 10,957.

Anayamba kuigawa nambalayo. Ndi 2, inakana. Ndi 3, inakana. Ndi 7, ndi 11, ndi 13, mpaka 103, tiyi akuzizira pambali, ndipo ulendo uliwonse inkasiya zotsala. Nambala yosagawika, yolola 1 ndi iyo yokha basi! Mkulu wathunthu anavina yekha pabalaza atavala masilipasi.

Tinene zoona, si masamu okha amene anawavinitsa. Panali kankhani kakale kamene ana awo ankakadziwa koma osakatchula, kamene kankachititsa azilamu awo kuwapatsa moni wa nsonga za zala. Iwo ankafuna kuti paphwandopo, pamaso pa onsewo, akazi awo avomereze kuti banjalo silinagawikepo. Akangogwedeza mutu, nkhani yatha.

Ndiye anaitanitsa keke yaikulu, nambalayo italembedwa pamwamba ndi shuga wofiira. Loweruka masana nyumba inadzaza, ena atakhala pamipando yobwereka kwa aneba. Aphunzitsi anaimirira, jekete litathina pamimba, n'kuyamba kuphunzitsa anthu anjala. Anafotokoza kuti manambala akewo ukawaphatikiza amakwana 22, n'chifukwa chake 3 sangaigawe. Kuti popeza ikuthera ndi 7, ndiye 2 ndi 5 asadzivute. Azilamu maso anali pa keke. Pomaliza anati banja lawo lili ngati nambalayi, ndipo anacheukira mayi kuti avomere.

Mayiwo ndi telala, munthu wosalakwitsa muyezo. Anadzuka bwinobwino, n'kutenga supuni, n'kupala 957 yense pakekepo. Ndi chogwirira cha supuniyo analembapo 800.

"Mwaiwala kuchotsera, bambo. Masiku 157 amene munakakhala kwa mkazi uja, kalaliki wa kusukulu, simunali m'nyumba muno."

Ndipo mutu wa aphunzitsi, chitsiru cha mutu, m'malo mofuna mawu opepesa unayamba kugawa. 10,800 ndi 2, ikutheka. Ndi 3, ikutheka. Ndi 4, 5, 6, 8, 9, 10, osatsala kanthu. Nambala yopanda khalidwe, yolola aliyense wodutsa. Manyazi anawagwira mpaka thukuta linatsikira m'kolala.

Komabe mphunzitsi safa ndi funso m'kamwa. Anafunsa chapansipansi ngati mayiwo anali otsimikiza za 157, poti iwo ankayesa kuti inali miyezi itatu chabe.

Mayi anapukuta supuni ija, osakweza mawu.

"Inu mwawerengera papepala. Ine ndinkawawerenga ndili pawindo apo, limodzilimodzi."