Matayala Ofewa pa Msewu wa Chapananga

Geresomo anali atapondaponda pampu mpaka thukuta kumulowa m'maso. Anaima n'kugwira m'chiuno.

"A Lorenso, galimoto yanuyi ikudya mpweya kuposa njinga zonse za kuno kwa Maseya. Ndinapopa Lolemba, lero ndikupopanso. Koma msomali wake ndi wophunzira ndithu, wobaya matayala onse anayi mofanana."

Lorenso sanaseke. Iye anali mwini golosale komanso mwini Landirova yobiriwira imene anagula kwa mzungu wina wa kuminda ya nzimbe pamene ankabwerera kwawo. Galimotoyo ankaikonda mochititsa manyazi. Chaka chathacho anakwera nayo ku Limbe kukaiwonjezetsa masipuling'i kuti izinyamula thonje lambiri, ndipo matayala ake ankafuna azikhala olimba gwa, akawamenya ndi chibakera azilira ngati ng'oma. Ikasenza katundu inkayenda bwino. Ikakhala yopanda kanthu inkadumpha pabampu iliyonse, wokwera n'kumaluma lilime. Wina akadandaula, Lorenso ankati galimoto si bedi.

"Mwina ndi kutentha," anatero Lorenso.

"Kutentha kwa Lachinayi lokha?" Geresomo, amene ankakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi golosaleyo, ankakonzanso nkhani za eni ake popanda womutuma. "Ine sindinanene kanthu. Ndangoona kuti a Fanuel akanyamula mbuzi, matayala amabwera ali gwa. Akanyamula mayi a kunyumba kwanu kupita nawo kwa Chapananga, amabwera ali fwaa, ngati mtsamiro. Paja amati wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina."

Mawuwo anamulowa Lorenso ngati minga. Fanuel anali dalaivala wake, bambo wachikulirepo, wa ana ambiri ndi mawu ochepa. Lachinayi lililonse ankapita kwa Chapananga kukatenga mapira, ndipo miyezi imeneyi Otilia, mkazi wa Lorenso, anali atayamba kukwera nawo, ati akukaona amayi ake. Lorenso sankaganizapo kanthu. Tsopano anayamba kuganiza, ndipo munthu akayamba kufunafuna sasowa chotola. Anakumbukira kuti Otilia ankagona chomufulatira, ati m'thupi simuli bwino. Anakumbukira kuti tsiku la ulendo ankasamba m'mamawa n'kuvala chitenje chatsopano. Chipitireni padera kachiwiri, mkaziyo sankasekaseka, koma masiku amenewa Lorenso anamumvapo akung'ung'udza nyimbo posesa.

Anazungulira galimotoyo n'kukweza tenti ya kumbuyo. Pansi pake panali matumba odzaza. Anamasula limodzi n'kupisamo dzanja. Munali mchenga.

"Ayi, zimenezo ndiye sindizidziwa," anatero Geresomo akusuzumira. "Mchenga kuuyendetsa pagalimoto, kuno kuchigwa? Kapena muli mankhwala?"

Fanuel atafika masana, anapeza bwana wake atakhala pamwamba pa thumba limodzi.

"A Fanuel, matayala anga amaphwetsa ndani?"

"Ndine, bwana."

"Chifukwa?"

"Pa mtsinje wa Mwanza pali mchenga. Tayala lolimba limakumba, lofewa limayandama. Ndiponso msewu wa kumeneko mukuudziwa, uli mizeremizere ngati lata."

"Nanga mukanyamula mbuzi zanga, mtsinjewo umakhala utasamuka?"

Fanuel anavula chipewa n'kumachiyang'ana m'kati. "Mbuzi sizidandaula msana, bwana."

"Ndiye akudandaula ndani? Mchengawu ndi wa chiyani?"

"Masipuling'i munaikitsa aja ndi a katundu. Galimoto ikakhala yopepuka imamenya munthu. Mchengawo ndi woikhazika pansi basi."

"Ine ndakwera galimoto iyi chaka chathunthu, sunandiikirepo mchenga." Ulemu unali utathawa tsopano. "Msana wa mkazi wanga waudziwira kuti iwe?"

Apa Fanuel akanatha kunama, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma anali wa anthu aja amene bodza limawatsamwa. Anangoti, "Zina si za pakamwa panga, bwana. Mukafunse mayi."

Lorenso anamva moto m'makutu. Kuti wantchito akhale ndi chinsinsi ndi mkazi wake, iye mwini nyumba n'kumatumidwa kukafunsa! Anatambasula dzanja.

"Makiyi."

"Bwana, nkhabe, ayi, musafulumire."

"Ndati makiyi. Ukayendetse ngolo ya abulu kwanu."

Fanuel anapereka makiyiwo ndi manja awiri. Atayenda pang'ono anatembenuka. "Chinthu chimodzi chokha. Mayi akakwera, muphwetse."

Kunyumba Lorenso sanafunse kanthu. Kufunsa kunali kumvera Fanuel. M'malo mwake anakhala sabata yonse akuyang'ana mkazi wake ndi diso la m'mbali, akumuwerengera masitepe a kuchitsime, akununkhiza mawu ake alionse. Lachinayi m'mawa anatayitsa mchenga uja, n'kuitanitsa Geresomo kuti apope mpaka pampu ikane.

Otilia anatuluka atavala chitenje chake chija, kadengu kali m'manja. Ataona mwamuna wake pachiwongolero anaima.

"A Fanuel ali kuti?"

Pa mafunso onse a padziko, limeneli ndilo silinayenera kufunsidwa.

"Ndawachotsa. Lero ndikuperekeza ndine. Kapena ine sindidziwa njira ya kwa apongozi anga?"

Otilia anayang'ana matayala, kenako anasuzumira kumbuyo kopanda kanthu kuja. "Ndiye lero ndisapite."

"Ehe! Ndiye kuti kumeneko sumapitira amayi ako."

"Bambo, mukuti chiyani?"

"Ngati umapitira amayi ako, kwera."

Geresomo anali chapafupi, akunamizira kupinda chingwe cha pampu. Amayi awiri ogula mchere anali ataima pakhonde la golosale, makutu ali tcheru. Otilia anawaona onsewo. Anadziwa kuti akabwerera m'nyumba, dzuwa lisanafike pamutu dzina lake likhala litafika ku Dyeratu. Anakwera.

"Phwetsaniko pang'ono matayalawo," anatero motsitsa mawu.

"Anakuphunzitsa bwino," anayankha Lorenso, n'kuliza galimoto.

Atangosiya msewu waukulu, Landirova inayamba ntchito yake. Zitseko zinkalira, kadengu kanagwa, mazira n'kusweka pamapazi. Lorenso mwini ankagunda mutu kudenga koma sanachotse phazi pamoto. Fumbi linkalowa paliponse. Otilia anagwira chitseko ndi dzanja limodzi, lina analibisa m'chitenje.

"Bambo, pang'onopang'ono."

"Undiuze chimene Fanuel akudziwa, ine osachidziwa."

"Sizinenedwa pamsewu."

"Zimanenedwa kuti? Pansi pa mlambe, injini itazima?"

Mkaziyo anatseka maso. Misozi inatsika n'kupanga tinjira pafumbi la m'masaya. Lorenso anaiona misoziyo n'kuiyesa umboni, ndipo mtima unamupweteka zenizeni, pakuti iye ankamukonda mkaziyu. Anaponda moto kuti ululuwo usamupeze. Pa kamtsinje kena kouma galimoto inadumpha yonse n'kutera ndi mawilo a kumbuyo. Otilia anakuwa.

"Imani! Lorenso, imani!"

"Ndiima ukatchula."

Chimene chinamuimitsa si mkazi wake ayi. Chinali chingwe. Linali tsiku la msika pa kamalo kena ka malonda, ndipo anyamata a chipani a malaya ofiira anali atamanga chingwe pamsewu, akuona ngati anthu ali ndi makhadi a chipanicho. Masiku amenewo chingwe chotere sunkachidumpha ngakhale utakhala ndi Landirova. Lorenso anatsika n'kutulutsa makhadi awiri, lake ndi la mkazi wake.

Otilia anatsegula chitseko, anatsetsereka pansi, n'kugwada m'fumbi atagwira pamimba ndi manja onse awiri.

Pampando pafupi ndi chingwecho panali mayi wina wamkulu thupi, atavala nsalu ya chipani, amene anyamatawo ankamutcha Mayi Emelia. Anamuyang'ana Otilia kamodzi kokha, kenako anayang'ana makhadi aja.

"Makhadi awiri, anthu atatu," anatero. "Wa m'mimbayo lake lili kuti?"

Lorenso anacheuka kuyang'ana m'galimoto, ngati wachitatuyo angakhale atabisala pansi pa mpando.

"M'mimba mwa ndani?"

"Abale inu, tamumvani bamboyu!" Mayi Emelia anadzuka. Anali atayamba kuseka, koma atafika pafupi ndi Otilia n'kuona kumbuyo kwa chitenje, kuseka kunatha. "Mwana wanga, yakwana miyezi ingati?"

"Inayi," anatero Otilia, osadzutsa mutu.

"Ndiye inu munthu wa pakati mukumuthamangitsa chonchi pa msewu uwu? Tinakumvani muli kutali, tinkayesa mwanyamula zitsulo." Anaitana amayi ogulitsa masamba. "Bwerani, mugwireni uku. Wayamba kutaya magazi."

Lorenso anathamangira kukatsegula chitseko. "Mulowetseni, ndithamange naye kuchipatala."

"Ine m'menemo ayi," anatero Otilia.

Sanakweze mawu, koma palibe amene anatsutsa. Chipatala cha mishoni chinali kuseri kwa msika, ndipo amayi aja anamuyika pakati n'kuyamba kuyenda naye pang'onopang'ono, mmodzi atamuphimba ndi chitenje chake kumbuyo. Lorenso anati awatsatire, koma mnyamata wa malaya ofiira anamutsekera njira, khadi lachitatu lili m'manja. Lamulo linali lamulo. Lorenso analigula, ndipo pofika pa dzina loti alembe pakhadipo onse awiri anangoyang'anana.

Anakhala panja pa chipatala mpaka mthunzi unatembenuka. Apongozi ake anafika wapansi, thukuta lili thovu, anamudutsa osamupatsa moni. Kenako namwino anatuluka.

"Ndinu bambo ake a Otilia? Bwanji sitinakuonenipo? Mkazi wanu amabwera kuno kusikelo Lachinayi lililonse." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwana akadalimo. Koma mayiyu sadzuka pabedi mpaka titanena ife. Lowani, musachedwe."

Otilia anali atagona chagada, miyendo ya bedi ataikweza ndi njerwa. Amayi ake anali atakhala pansi chapambali, akuyang'ana khoma.

"Bwanji sunandiuze?" anafunsa Lorenso. Ankafuna kuti limveke ngati funso la munthu wolakwiridwa, koma linatuluka lowonda.

"Yoyamba ija munailengeza pamowa isanathe miyezi iwiri. Yachiwiri munauza alongo anu, mudzi wonse n'kumabwera kudzandiona pamimba. Zonse zinachoka. Amayi ndi azakhali anati ino isatchulidwe kwa munthu aliyense mpaka mwana atayamba kugunda. Ndinalumbira. Ndimati ndikuuzeni mwezi ukubwerawu."

"Aliyense? Nanga Fanuel?"

Apongozi anatsonya.

"A Fanuel sindinawauze kanthu," anatero Otilia. "Tsiku loyamba anangondiona mmene ndinakwerera. Tisanafike patali anaima, anatsika ndi kamtengo ka machesi, n'kuzungulira matayala onse akuwaphwetsa. Sabata yotsatira ndinapeza aika mchenga. Sanandifunsepo, ine sindinawayankhepo. Amandisiya pageti apa, n'kupita kukatenga mapira anu." Anapuma pang'ono. "Iwo anaona pa ulendo umodzi. Inu ndimagona nanu nyumba imodzi."

Lorenso anayandikira kuti amugwire dzanja, koma Otilia analibweza n'kuliika pamimba.

"Ndamva," anatero Lorenso. "Masipuling'i aja ndikachotsetsa. Akakutulutsa ndidzabwera ndekha, ndidzayenda ngati kamba."

"Ayi."

"Otilia."

"Lero ndinakuitanani ndi dzina lanu kuti muime, simunaime. Akanditulutsa adzanditenge a Fanuel. Akapanda kubwera iwowo, ndikhala konkuno kwa amayi, mwanayu mudzamumvera kwa anthu."

Anatembenuzira nkhope kukhoma. Namwino anagogoda pachitseko kuti nthawi yakwana.

Pobwerera Lorenso anayenda yekha, ndipo bampu iliyonse ankaimva m'mano. Njira yonse ankakonza mawu, ena n'kuwataya. Atafika kwa Maseya, Geresomo anaimirira pansi pa mtengo wake, khosi litatalika, akufuna kuona ngati mpando wa kutsogolo uli ndi munthu. Lorenso sanaime. Anadutsa golosale, anadutsa nyumba yake, n'kukhotera kanjira ka pakati pa minda ya thonje.

Anamupeza Fanuel akukonza khola la mbuzi, ana ake atamuzungulira. Ataona galimoto anaika chikwanje pansi, koma sanayende kudzailandira. Anayang'ana mpando wopanda munthuwo, kenako anayang'ana Lorenso.

Lorenso anazimitsa injini, anatsika, n'kuvula chipewa pamaso pa ana onsewo.

"Odi, a Fanuel," anatero. "Ndabwera kudzapepesa."