Weramani Pang'ono

Kamakina kojambulira nyimbo kaja anabwera nako ndi Aphunzitsi, atakakulunga m'thaulo ngati khanda. Anakagula kwa munthu amene anali atatopa nako, ndipo kankaonekadi kotopa: batani lina linali lomata ndi selotepi, pakona pena panali pobenthuka. Koma Aphunzitsi, woimba kiyibodi m'gulu lawo, anakaika pamwamba pa dilamu la oyilo mwaulemu wonse, n'kuyamba kuphunzitsa anthu a ndevu zawo ngati ana a sukulu.

"Kali ndi njira zinayi," anatero. "Ng'oma njira yake, besi yake, kiyibodi yake, mawu a woimba yake. Tikamaliza tizitha kumva aliyense payekha. Wolakwitsa sabisalanso kumbuyo kwa anzake."

Chifukwa chojambulira nyimbozo chinalipo. Bwana wa hotela ina ankafuna kumva nyimbo zawo kaye asanawalole kuti aziimba kumeneko.

Wometa, amene ankaimba ng'oma, sanade nkhawa n'komwe. Ngati panali wina woti achite mantha, ndiye anali Makanika ndi zala zake zonenepa pa gitala ya besi, kapena mlamu wake wa Wometayo, mchimwene wa mkazi wake, woimba wa gululo, yemwe mawu ake nthawi zina ankakwera phiri n'kulephera kutsika. Koma iye? Sabata yonse ankakhala chilili m'shopu yake, tsitsi la anthu likumulowa m'khosi ndi m'masokosi. Likafika Lamlungu masana, akakhala pampando wa ng'oma m'chipinda chakuseri kwa galaja ya Makanika, pakati pa matayala akutha ndi matiresi akale okhomera kukhoma, ankadziona munthu wina. Shopu ankaisiya panja pamodzi ndi njinga yake.

Anaimba nyimbo zitatu. Kenako anaunjikana mozungulira dilamu lija, Aphunzitsi n'kutsitsa njira za ena onse kuti ayambe kumva ng'oma zokha.

Ng'omazo zinali bwino, zimenezo tisanamizane. Koma pansi pake pankamveka mawu a munthu, otsika, obwerezabwereza, oyenda limodzi ndi ndodo.

"Ndani akulankhulayo?" anafunsa Wometa. "Wailesi yalowerera kapena?"

Aphunzitsi anakweza sipika, ndipo mawu aja anamveka poyera. "Weramani pang'ono. Weramani pang'ono. Weramani pang'ono."

Makanika ndiye anayamba. Anaseka mpaka kukhala pa tayala, misozi ili chuchuchu. Mlamu uja anagwira m'nthiti n'kutsamira chitseko.

"Alamu," anatero atapeza mpweya, "ndiye kuti zaka zonsezi mumatimeta tikuimba?"

"Si ine ameneyo," anatero Wometa.

Anali iye. Maiki anali atapachikidwa pa msomali pafupi ndi mutu wake, ndipo kamakina kotchipa sikadziwa ulemu. Anaika nyimbo yachiwiri, yothamanga ija, ndipo munthu yemweyo anamveka akuti, "Wotsatira abwere, wotsatira abwere." Yachitatu inali yachikondi, ya pang'onopang'ono. Pamalo penipeni pamene mlamu wake amalira kuti usandisiye wokondedwa, mawu aja ankafunsa mofatsa kuti, "Ndevu nazo ndichotse?"

Apa ngakhale Aphunzitsi, munthu wosaseka wamba, anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Wometa naye anaseka, nanga akanatani? Koma m'kati zinamuwawa kwambiri. Iye ankati akakhala pa ng'oma amakhala katswiri, osadziwa kuti shopu inkamutsatira n'kukhala naye pampando womwewo.

Lamlungu lotsatira Makanika anamulandira pakhomo atawerama ngati akufunafuna nyerere pansi. "Ndaweramiratu, achimwene, kuti musavutike."

Wometa anangomudutsa. Anakhala pampando wake, n'kuluma mlomo wam'munsi, n'kulumbira mumtima kuti lero pakamwa pake sipatuluka ngakhale mpweya.

Abale, zimene zinachitika tsiku limenelo. Ng'oma zinayamba bwino, pakati n'kuyamba kuthamanga ngati zawona basi ikunyamuka, kenako n'kuzilala mpaka mlamu wake anachita kutembenuka kuti aone ngati munthu wagona. Anayambiranso, zomwezo. Manja anali omwewo, ndodo zomwezo, koma china chake chinali chitachoka. Ndipo kamakina kaja kanasunga zonse, osasiyako n'kamodzi komwe.

Atamvetsera, Aphunzitsi anakanda m'mutu. Walira mvula walira matope, kamakinako anakabweretsa okha.

"Musandimve molakwa, akulu," anatero, maso ali pa mawaya. "Bwana uja akudikira. Kiyibodi iyi ili ndi ng'oma zake m'katimu, sizithamanga, sizichedwa. Bwanji tingoyesa zimenezo pojambulapa? Inu mupumeko kaye."

Mawu oti kaye Wometa ankawadziwa bwino. Ndi omwe amanena kasitomala akati ndipite kaye kunyumba ndibweranso, munthu n'kumuona mwezi wamawa atametedwa kwina. Anzakewo akapita ku hotela ndi ng'oma za m'kiyibodi, mpando wake watha. Anaika ndodo zake m'thumba la kumbuyo, anatsanzika bwinobwino, n'kukwera njinga.

Vutolo linamutsatira kushopu. Kasitomala akakhala pampando, mawu aja akafika pa lilime, ankamva Makanika akuseka, ndiye ankangowameza. Anayamba kumakankha mitu ya anthu ndi chala. Bambo wina wachikulire anamufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Shopu imene inkakhala ya phokoso inangotsala ndi kulira kwa makina ometera ndi ntchentche ya pa galasi.

Lachinayi m'mawa, kulibe anthu, Makanika anatulukira atavala ovolosi yake ya mafuta, n'kudziponya pampando. Mutu wake unali woti chipeso sichikanapezapo ntchito.

"Mwabwera kudzaseka?" anafunsa Wometa.

"Ndabwera kudzameta."

"Kumeta chiyani? Apa palibe chometa."

"Kumbuyoku kulipo. Yang'anani bwino."

Wometa anamufunditsa nsalu, anaimanga pakhosi mothinitsa kuposa mmene zimafunikira, n'kuyatsa makina. Atafika kunkhongo anakankha mutu uja ndi chala. Mutuwo sunasunthe. Anakankhanso ndi zala ziwiri, koma khosi la munthu wonyamula mainjini likakana lakana.

"Tinayesa ng'oma za m'kiyibodi mutachoka," anatero Makanika, akumuyang'ana pa galasi. "Zinandithawa. Aphunzitsi amvekere tsatira, tsatira. Nditsatire chiyani? Chinthucho chilibe nkhope."

Wometa anangopitiriza kuyendetsa makina.

"Mukuganiza ndimaimiranji pafupi ndi inu, mbale zachitsulo za ng'oma zanuzo zikundiboola makutu? Ine kuwerenga nyimbo sindidziwa, achimwene. Ndimayang'ana pakamwa panu. Mukatsegula ndimenya chingwe, mukatseka ndisiya. Zimene mumanena sindinkazimva, ndinkangoti mwina mumapemphera. Tsiku lija mutaluma mlomo, ine ndi amene ndinayamba kusochera, inu n'kumanditsatira. Aphunzitsi atamvetsera njira yanga payokha anaona okha."

"Ndiye munkaseka chiyani?"

"Nanga sizinali zoseketsa? Mlamu wanu akulira kuti asasiyidwe, inu mukufunsa za ndevu." Phewa la Makanika linayamba kugwedezeka pansi pa nsalu, koma anadzigwira. "Ndinapitirira nazo, ndavomera. Lamlungu mubwere. Aphunzitsi akuti maiki aja awasunthira kutali ndi mutu wanu, bwana wa hotela asamve. Koma pakamwa pokha musapasiye kunyumba."

Wometa anazimitsa makina. Mtima unali utayamba kale kutsika, koma sanafune kuti munthu ameneyu aone msanga. Anatenga kabulashi n'kuyamba kupukuta mano a makina mosafulumira.

"Maiki asawasunthe," anatero. "Akhale pa msomali pomwepo. Bwanayo akamva amve, adziwe kuti akulemba ntchito wometa."

"Zimenezo mukawauze nokha."

"Ndikawauza."

Anayatsanso makina n'kuima kumbuyo kwa mpando. Mutu wa Makanika unali chiimire, nkhongo ili gwa, ndipo zinali zoonekeratu kuti munthuyu akhala choncho mpaka madzulo ngati pafunika kutero. Wometa anapumira m'mwamba.

"Weramani pang'ono," anatero.

Makanika anawerama mpaka chibwano kugunda pachifuwa, kupitirira pamene wometa aliyense angafunire, ndipo anakhala choncho mpaka ntchito yonse itatha.