Tikiti ya Lachisanu

Loweruka likubweralo ankhoswe a Yaseen ankayenera kudzafunsira Husna kwa amalume ake, Che Rahman, amene ankamusunga chichokereni ku Mangochi. Diresi linali litasokedwa kale. Masiku okha ndiwo ankangoti ndii, ngati tekisi yodikira kudzaza.

Lachitatu m'mawa, Husna akusanja zitini za nsomba m'shopu yawo ku Umbilo mu mzinda wa Durban, amalume anatulukira nkhope ili ngati achokera kumaliro.

"Loweruka lija palibe," anatero. "Mwana wa mlongo wanga sangakwatiwe ndi munthu wa juga."

"Juga yanji, amalume?"

Anamupatsa foni. Uthenga wachingerezi unkati nambala yawo yawina lotale, R850,000, ndipo atumize kaye R1,500 kuti mphoto ituluke.

"Ine chibadwire sindinagulepo tikiti. Koma sabata yatha Yaseen wakoyo anabwereka foni yanga, ati yake yatha moto. Wandilembetsa ku juga, ine munthu wa mzere woyamba ku mzikiti. Anthu akamva kuti ndawina nkhope ndiyiika kuti?"

"Ndi akuba awa, amalume. Palibe chomwe mwawina."

"Akuba opatsa munthu ndalama unawaona kuti?"

Husna anafuna kulira, anafunanso kuseka. Anthu ena amapusitsidwa chifukwa chofuna ndalamazo. Amalume ake okha mu Durban yense anapusitsidwa chifukwa chozikana, ndipo kukanako kunkatenga Yaseen wake, mnyamata amene ngakhale bawo ankaluza.

"Aimbireni. Muike poti timve tonse."

"Ndiwaimbiradi. Ndikufuna ndiwauze atenge ndalama zawo."

Anayankha mwamuna wa mawu osalala ngati wodzoza mafuta kukhosi. "Yebo, Mister Che, tikukufunirani mafuno abwino."

"Che si dzina," amalume anatero m'chingerezi chawo chothyokathyoka. "Ndalama zanuzo sindikuzifuna."

Zinkaoneka kuti pa ntchito yake yonse mkuluyo sanakumanepo ndi zotere.

"Sharp, bwana. Kukana n'kotheka, koma kulinso ndi fizi yake."

Husna anatsamira pa kauntala n'kunong'oneza m'Chichewa, "Afunseni anagula tikitiyo ndani."

Amalume anafunsa.

"Inuyo, bwana. Ndi manja anu."

"Osati kamnyamata kowonda, ka ndevu zitatu?"

"Ndi zisanu," Husna anadandaula chapansipansi.

"Ayi, inuyo. Tili ndi chithunzi chanu pa kamera."

Husna anaona kuti munthuyu avomera chilichonse chomwe chingabweretse ndalama. Anatenga foni ija, n'kusalalitsa mawu kuposa iye.

"Pepani achimwene, abambowa amaiwalaiwala. Kodi si Lachisanu lapitali anagula, cha m'ma hafu thwelofu masana?"

"Eya, sisi, Lachisanu, hafu thwelofu ndendende. Zalembedwa pano."

Che Rahman anavula magalasi pang'onopang'ono. Lachisanu hafu thwelofu shopu imakhala yotseka. Iwo anali ku mapemphero a Juma ku mzikiti, mzere woyamba, ndipo Yaseen anali kumbuyo kwawo kwenikweni. Ankakumbukira bwino chifukwa mnyamatayo anawaponda chidendene poweramuka.

"Bweretsa kuno," anatero.

Husna ankaganiza kuti adula. Koma amalume anakoka kreti ya zakumwa, n'kukhala bwinobwino.

"Mwana wanga, mayi ako alipo? Akudziwa ntchito ukugwirayi?"

"Bwana, nkhani ya fizi ija..."

"Tifika. Choyamba, bodza. Chachiwiri, kunamizira munthu pa tsiku la Juma."

Chingerezi chitawathera analowa Chizulu, Chizulu chitawathera anapitiriza m'Chiyao, mayi wina wogula buledi ataima kudikira. Mkulu uja anadula foni amalume ali pa mfundo yachinayi. Amalume anaimbanso kawiri, osayankhidwa.

"Wathawa ndisanafike pa za kulapa," anatero mokhumudwa.

"Nanga Loweruka, amalume?"

Anayamba apukuta magalasi, kenako anagulitsa buledi, kenako anakonza kreti. Husna anatsala pang'ono kukomoka.

"Uthengawu uwutumize ku gulupu ya anthu akwathu, uwachenjeze. Koma usalembe kuti ndinakhulupirira."

"Ndilemba kuti munawagwira nokha. Nanga Loweruka?"

"Abwere teni koloko. Ndipo umuuze Yaseen aziona pomwe akuponda."