Sipuleya Yosatsuka

"Pempherani, aphunzitsi. Ine pakamwa pandiuma," anatero Elizabeti, atagwira tsinde la matimati lomwe linali litafota ngati lathiridwa madzi otentha.

Agostino anavula chipewa n'kuima pakati pa mizere. Dimba limeneli linali kumunsi kwa dambo, chakufupi ndi mudzi wa Zingalume, ndipo sabata yapitayo aliyense wodutsa ankaima kuti alione. Elizabeti, mayi wamasiye, anathirira ndi ndowa miyezi iwiri yathunthu, m'mawa ndi madzulo, mpaka matimati anachita maluwa, ena n'kuyamba kubereka. Tsopano nsonga zonse zinali zachikasu, masamba atapotana, maluwa ali mbwee pansi.

Anthu ankamutcha aphunzitsi ngakhale kuti sanagwirepo choko. Wansembe ankafika kutchalitchi chawo chaching'ono kamodzi pa miyezi itatu, choncho Lamulungu lililonse Agostino ndiye ankawerenga Mawu a Mulungu ndi kuwamasulira. Kuwerenga ankatha, tisamunamizire. Akatsegula pakamwa, ngakhale makanda ankasiya kulira. Pamaliro, pa ukwati, pa matenda, anthu ankathamangira kwa iye, ndipo iye ankakonda kuthamangiridwako kuposa mmene ankavomerezera.

Asanatsinzine kuti apemphere, anayang'ana pansi. Udzu wa pakati pa mizere nawonso unali utapsa. Bonongwe ndi chisoso zomwe zinamera zokha m'mbali zinali zitagona. Matenda a matimati sapha udzu, zimenezo mlimi aliyense amadziwa akakhala kuti mtima uli m'malo.

Lachiwiri la sabata yathayo Agostino anapopera mankhwala opha udzu m'munda wake wa chimanga. Anaweruka mochedwa, nthawi ya mapemphero itakwana, n'kungopachika sipuleya pakhonde kuti adzatsuka mawa. Alangizi a zaulimi anawaphunzitsa bwinobwino kuti sipuleya yotere imatsukidwa katatu, ndi sopo, mpaka kupaipi komwe. M'mawa mwake Elizabeti anabwera kudzabwereka kuti aphere mbozi. Anamupeza atakwera kale njinga, buku lili kukhwapa, akuthamangira kumaliro.

"Ndi yotsuka, aphunzitsi?"

"Yotsuka, tengani."

Mawu awiri okha amenewo, onenedwa phazi lili kale pachopalasira.

Agostino anatsinzina n'kupemphera. Linali pemphero lalitali ndi lokoma, moti Elizabeti anagwetsa misozi. Mwini wake sanamvepo ngakhale liwu limodzi.

"Amene wachita izi ndikumudziwa," anatero Elizabeti akupukuta m'maso ndi chitenje. "Ndi Lonia. Tinakangana pachitsime Lolemba lija, iye n'kundiuza pamaso pa anthu kuti, 'Tiona ngati mudzathyole matimati anuwo.' Lero si izi?"

Lonia anali mkazi wa Lemmy, mlongo wake wa Elizabeti. Kwawo kunali ku Mlolo, kuno anabwera pachitengwa, ndipo Lemmy anali ku Chipata kumaganyu omanga nyumba. Pakamwa pa Lonia panali pakuthwa, zimenezo palibe angakane. Koma pakamwa sipaumitsa dimba.

"Tisafulumire kuweruza, amayi," anatero Agostino. Anangolekera pomwepo, ndipo anadzimva yekha kuti walekera pomwepo.

Kunyumba anapeza mkazi wake Regina akusenda mtedza wa mbewu. Anamufotokozera za dimba ngati nkhani ya kutali, maso ali kunkhuku.

"Udzu nawonso wapsa?" anafunsa Regina.

"Ndani wakuuzani?"

"Palibe. Koma madzi pakhomo pano amatunga ndine, atate ake Chifundo. Mukatsuka sipuleya yanu ija mumandithera ndowa ziwiri, ndipo sabata yatha ndowa zanga sizinachepe."

Agostino anakhala pampando ngati wakankhidwa.

"Ndinena," anatero. "Koma mitima iyambe yazizira. Panopa Elizabeti akhoza kundikhapa ndi khasu."

"Khasu mukuliopa, kapena mukuopa kuti asiya kukutchulani aphunzitsi? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine sindikakutsekulirani."

Mitima sinazizire. Nkhani inayenda m'mudzi ngati moto wa mu Okutobala. Pachitsime amayi akaona Lonia akubwera ankanyamula ndowa zawo zosadzadza n'kumapita. Zitumbuwa zake zomwe ankagulitsa panjira ya kusukulu ankabwera nazo zonse madzulo. Ana ake awiri anayamba kusewera okhaokha kuseri kwa nkhokwe. Wina anakumbukira kuti mbuzi yake inafa chaka chatha atadutsana ndi Lonia, winanso anakumbukira za mwana amene anadwala malungo. Anthu akafuna kukumbukira, amakumbukira ndi zomwe sizinachitike.

Lamulungu Agostino anaima kutsogolo monga mwa masiku onse. Lonia anakhala yekha pabenchi ya kumbuyo, malo a anthu asanu ali mbee mbali zonse. Agostino anawerenga bwino kwambiri tsiku limenelo, ndipo zinamuchititsa manyazi kuti mawu ake sananjenjemere n'komwe. Potuluka anamupatsa moni Lonia ndi manja awiri, kuti anthu aone kuti iye sasala munthu.

"Zikomo, aphunzitsi," anatero Lonia motsitsa mawu. "Inu nokha ndi amene mwatsala."

Lolemba Agostino anazula mbande zake za matimati, theka lonse la nazale, n'kukazitula kwa Elizabeti. Ankaganiza kuti mtima upepukako. M'malo mwake Elizabeti anaitana anthu kuti adzaone.

"Onani munthu wa Mulungu. Ena amangomva Mawu ndi makutu, awa amabereka zipatso."

Agostino anaseka pang'ono, n'kunena kuti si kanthu. Kenaka anabwerera kunyumba.

"Mwagula tulo ndi mbande?" anamufunsa Regina atafika. "Nanga mwagona?"



"Ndamva pachigayo," anapitiriza Regina, ulendo uno mosaseka. "Amuimbira foni Lemmy. Loweruka abale akumana, ndipo agwirizana kale kuti Lonia abwerere kwawo ku Mlolo. Ana akuti atsale. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, atate ake Chifundo, koma ija inafa yokha. Inu mukufuna kufa ndi mwana wa eni."

Lachinayi masana mphakati unakumana pakhomo pa Elizabeti, poti inali nthawi yake yolandira. Mabanja khumi ndi awiri oyandikana ankasonkhana chotere sabata iliyonse kudzagawana Mawu. Mwambo wake unali wakuti akawerenga kawiri, onse amakhala chete, kenaka aliyense amatchula liwu limodzi lomwe lamukhudza, osalimasulira, osalalikira. Agostino ndiye anawaphunzitsa zimenezi, ndipo nthawi zonse ankayamba ndi iye.

Lonia sanabwere. Nyumba yake inali pafupi, kungodutsa khola la mbuzi, ndipo ankaoneka pakhonde akupinda zovala n'kumaika m'thumba.

Mawu a tsikulo anali a mlimi wofesa mbewu, zina n'kugwera panjira, zina pamwala, zina paminga, zina panthaka yabwino. Agostino anali atawamasulira mawu amenewa kosawerengeka. Ankadziwa pokweza mawu ndi potsitsa, ankadziwanso pomwe amayi amati "mmm". Zaka zonsezi ankadziona ngati wofesayo. Sanaganizepo kuti mwina iye ndi njira ija, youma gwa chifukwa chopondedwa ndi anthu obwera kudzamutamanda, pomwe mbewu imangodutsa kupita kwa ena.

Atamaliza kuwerenga kachiwiri, anthu anadikira kuti ayambe. Sanayambe. Bambo wina anatsokomola n'kunena kuti, "Mbewu." Regina anati, "Pamwala." Elizabeti anakweza mawu, nkhope atalozetsa kukhola la mbuzi.

"Minga."

Amayi awiri anagwedeza mitu. Agostino anatseka buku n'kuliika pamphasa.

"Ine liwu ndilibe lero," anatero. "Ndili ndi mlandu. Amayi Elizabeti, matimati anu ndinapha ndine. Sipuleya ija ndinapoperera mankhwala opha udzu, ndipo sindinatsuke. Munandifunsa, ine n'kukuuzani kuti ndi yotsuka."



"Aphunzitsi, musamuikire kumbuyo mfiti," anatero Elizabeti. "Tikudziwa kuti muli ndi chifundo, koma musadzipachike mlandu wa eni."

Apa ndi pamene Agostino anaona kukula kwa chimene anachita. Khomo lothawira linali litatsekukanso, ndipo akanangokhala chete akanatuluka ali woyera kuposa kale.

"Si chifundo ayi. Kumbukirani udzu wa m'mizere, ndi bonongwe uja. Zonse zinapsa, ndipo zinapsa pokhapokha pomwe munapopera. Ine ndinaona tsiku lomwe munandiitana. Ndinadziwa ndisanayambe n'kupemphera komwe."

"Akunena zoona," anatero Regina, maso ali pansi. "Inenso ndinadziwa, n'kumadikira kuti anene okha. Mlandu ndili nawo."

Elizabeti anatembenukira kwa Agostino.

"Munandisiya ndikulira, inu n'kumapemphera? Mbande zija ndinaitanira mudzi wonse. Mwandisandutsa chitsiru, a Mbewe. Ndipo mwandisandutsa wabodza pa mlamu wanga."

Kanali koyamba m'zaka zambiri kuti munthu amutchule ndi mfunda wake wokha. Palibe anatseka msonkhano ndi pemphero. Anthu anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, ena osatsanzika, ndipo omwe anakumbukira za mbuzi ndi malungo aja ndi amene anafulumira kwambiri.

Agostino anazungulira khola n'kukagwada pansi pa khonde la Lonia, chipewa chili m'manja. Sanafunike kubwereza, Lonia anali atamva zonse. Anapitiriza kupinda zovala.

"Amake Miracle, ndalakwa. Ndikhululukireni."

"Kusatsuka si mlandu," anatero Lonia. "Aliyense amaiwala. Ine ndinathirapo mchere m'phala la ana kuyesa shuga. Koma masiku khumi, aphunzitsi. Masiku khumi mukudutsa pano. Lamulungu munandigwira dzanja ndi manja anu awiri, ine n'kupita kunyumba kukauza ana anga kuti m'mudzi muno mwatsala munthu mmodzi wabwino."



"Tsopano simupita," anatero Agostino. "Ndimuimbira Lemmy lero lomwe."

"Muimbireni. Koma ine ndipita, ndi ana anga omwe. Ndikapume kwathu, ndione ngati mtima ungafune kubwerera kwa anthu amene amathawa ndowa yanga." Anamanga thumba n'kulikankhira kwa iye ndi phazi. "Ili mumanga panjinga yanu mawa m'mawa. Mbiri inafika kale ku Mlolo, amayi anga sakutuluka m'nyumba ndi manyazi. Ine ndikakanena, adzati ndikudziteteza. Inu anthu amakukhulupirirani. Mukanene nokha."

M'mawa mwake ananyamuka mame asanaume. Lonia anali patsogolo, wamng'ono ali kumsana, Miracle atakhala pamwamba pa thumba, Agostino akukankha njinga pambuyo. Njira inkadutsa m'midzi momwe iye anaikamo maliro ndi kudalitsa maukwati, ndipo paliponse anthu ankasiya makasu n'kubwera kumsewu.

"Aphunzitsi, ulendo wa kuti ndi mayi ameneyu? Si uja tamva wa matimati?"

Pamudzi woyamba Agostino anayesa kuzungulira, kuyamba ndi za alangizi ndi kuopsa kwa mankhwala. Lonia anangoima n'kumuyang'ana. Agostino ananena mwachidule kuti mayiyu sanalakwe, dimba anapha ndi iye, ndipo anabisa masiku khumi. Pamudzi wachiwiri sanadikire kuti amuyang'ane.

Anafika ku Mlolo dzuwa litapendeka, atanena mawu omwewo kasanu ndi kawiri. Amayi ake a Lonia anasuzumira pakhomo, osatuluka. Agostino anatsamiritsa njinga pamtengo, anakhala pansi padothi, n'kupempha kuti aitane oyandikana nawo onse.