Chilankhulo cha Malemu Stanford

"Ine makina awa ndimawadziwa mpaka m'matumbo," anatero Ezara akudziguguda pachifuwa. "Ku Lusaka azungu ankachita kunditumira galimoto. BASIC ameneyu ndimuzula ndi mizu yomwe."

Zoona zake n'zakuti ku Lusakako Ezara ankapukuta fumbi pamakompyuta a ofesi ina, n'kumasuzumira paphewa pa eni ntchito. Koma tsikulo pakamwa pankayenera kulimba.

Nkhani yake inali iyi. Mkulu wake, aphunzitsi a Stanford a pa Katete, anamwalira mwadzidzidzi mu 1990, n'kusiya kompyuta imene anapatsidwa ndi mzungu wa kumishoni. Abale atasonkhana kugawa katundu, wina anayatsa chinthucho kuti aone ngati n'chamoyo. Pagalasi la kompyutayo panabwera mawu akuti BASIC, kenaka pansi pake: EZARA, CHOKA PAMPANDO WANGA.

Amayi a Mirriam, akazi a malemu, anachita kutuluka chokwawa. Ezara analumbira kuti inali nthabwala yakale, kuti malemu anailemba okha m'chilankhulo cha makinawo, chotchedwa BASIC, potopa ndi mng'ono wokonda kugwiragwira za eni. Anamva ndani? Wakufa akatchula dzina, anthu safunsa ngati ankaseka. Tsiku lomwelo azimayi a pampopi anayamba kukokera ana kumbuyo Ezara akamadutsa.

Amalume ake a Ezara, a Davison, ndiwo anadula mlandu. "Ngati n'zolemba chabe, mphwanga, fufuta tione. Koma chilankhulocho chikabweranso, ndiye kuti mwini wake akukana, ndipo mawa tikwera basi ya ku Sinda, akakuone a ula."

Ezara ankadziwa bwino kuti wopita kumeneko atalozedwa kale chala amabwerako ndi dzina la mfiti, alibenso mudzi. M'pamene anadziguguda muja.

Analowa m'chipinda yekha, masana dzuwa likuswa mtengo. Mpando uja anaulambalala, n'kukhalira kreti ya zakumwa. Jekete la malemu linali chikolekere kuseri kwa chitseko, mapewa ali tswii ngati muli munthu. Makina aja ankapuma, fuu, fuu, ndipo Ezara anawapatsa moni chamumtima, poti ulemu sugula.

Analemba lamulo lofufutira monga ankaonera ku Lusaka, chala chikuphonya zilembo. BASIC anachoka. Atafufuza pena, anapeza wina. Anafufuta, n'kupezanso kachibale kake katabisala pakona ngati nsikidzi. Thukuta linafika m'nsapato. Chitseko chinalira ndi mphepo, jekete n'kugwedeza mkono, ndipo Ezara anangomva pakamwa pake pakuti, "Pepani achimwene."

Apo anaganiza zotentha tchire lonse chifukwa cha mbewa imodzi. Analamula makina kuti asese diski yonse, nkhokwe yosungiramo zolembedwa, osasiya kanthu. Makina anamufunsa m'Chingerezi ngati watsimikiza. Anatsimikiza. Mayeso a ana a sukulu, nyimbo za kwaya zimene malemu analembamo chaka chonse, zonse zinapita. Anazimitsa, n'kupukuta nkhope, mtima n'kubwerera m'malo.

Chimene a ku Lusaka sanamuuze n'chakuti makina a mtundu umenewo ali ndi BASIC wina woumbidwira m'kati mwa zitsulo, amene safufutika. Amagona phee, ndipo amadzuka pokhapokha diski ikakhala yopanda kanthu.

Ezara anaitana anthu. Anadzaza pakhomo, aliyense akukankhira mnzake kutsogolo, amayi a Mirriam ataphimba kumaso ndi chitenje. Amalume anavala mandala awo n'kuyandikira. Ezara anayatsa ndi chala chimodzi, dzanja lina lili m'chiuno.

Galasi linakhala bii, nthawi n'kumapita. Ezara anatsokomola, n'kuyamba kufotokoza kuti ngakhale azungu aja ntchito yotere inkawatengera sabata.

Makina analira, pii. Pamwamba pagalasi panayera zilembo, ndipo amalume anawerama, n'kuziwerenga mokweza, chimodzichimodzi.

"B... A... S... I... C."