Pepala Lofiira pa Chitseko cha Lole

Chiyambire mliri, dalaivala aliyense wolowa m'bwalo la depoti ankamutsekera m'lole yake momwemo. Pageti ankamuyeza kutentha kwa thupi, kenako mtsikana wovala chimwinjiro choyera ankabwera ndi mpukutu wa pepala lofiira n'kumata zitseko zonse ziwiri. Zenera ankaloledwa kutsitsa pang'ono chabe, polowera mbale ya chakudya ndi potulukira botolo lija lomwe aliyense ankachita manyazi kulitchula. Pepalalo likang'ambika, munthu ankamutengera kumbindikiro, kusukulu yakale ya kuseri kwa njanji, ndipo tchuthi chake chinkathera pomwepo.

Madalaivala anamupatsa mtsikanayo dzina loti Loko. Ankamunena kuti alibe chisoni, kuti mwamuna amene adzamukwatire azidzagona chitseko chili chomata. Wafiriji, mnyamata woyendetsa lole yoziziritsa katundu, ankaseka nawo kuti asaonekere. Palibe ankadziwa kuti Loko anali wake. Anadziwana mliri usanabwere, pamzere wa kukantini, ndipo chikondi chawo anachibisa ngati moto wa m'phulusa chifukwa cha kapitawo wa pabwalopo, yemwe anali mchimwene wake wa Loko. Kapitawoyo ankakonda kunena kuti mtima wa dalaivala uli ngati tayala, suima malo amodzi. Analinso atakonza kale zoti mwezi ukatha mlongo wake asamukire ku ofesi ya mzinda wina, kutali ndi malole ndi matenda ake.

Ndiye ulendo uwu unali wotsiriza Wafiriji asanapite kutchuthi. Anapangana ndi Loko kuti akangotsitsa katundu, pepala lili lamphumphu, adzasamba, kuvala malaya ositidwa bwino n'kukaonekera kwa makolo ake a mtsikanayo mweziwo usanathe. Sankafuna kupempha mkazi kudzera pagalasi ngati wopempha ndalama kubanki.

Koma katundu sankatsika. Mu ngolo munali mankhwala a odwala shuga, ofunika kukhala pozizira nthawi zonse. Zipinda zozizira za m'depoti zinali zodzaza, popeza magalimoto a zipatala obwera kudzatenga katundu anali atawatsekereza kumsewu waukulu. Anyamata otsitsa katundu ambiri anali kudwala, ndipo otsalawo ankayamba ndi malole amene anafika kale. Wafiriji ankakhala, kugona, kudzuka, kukhalanso. Mawondo ankamuwawa. Ankadziwa mng'alu uliwonse wa pakhoma lakutsogolo kwake, mpaka mng'alu wina anayamba kuuona ngati mtsinje umene iye ndi Loko adzamangepo nyumba m'mbali mwake.

Pafupi naye panaima lole ya matayala, ya bambo wina wachikulire amene onse ankangomutcha Madala. Iwowa ankacheza mokuwa kudzera pamipata ya mazenera. Madala ankati akadzatuluka m'menemo adzakhala ataiwala kayendedwe, mkazi wawo adzachita kuwaphunzitsa ngati mwana. Ankatinso Wafiriji ali ndi mwayi, chifukwa akafa angomusunga kumbuyo kwake komweko osawola.

Makina oziziritsa anali kunja, pamphumi pa ngolo, ndipo anali ndi thanki yakeyake ya dizilo. Wafiriji anali atauza kapitawo kuti dizilo akuchepa. Yankho linali lakuti thanki yaikulu ya depoti yauma, galimoto yobweretsa mafuta nayonso ili pamzere kwinakwake, adikire mawa. Mawa linafika kangapo.

Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, makina aja anatsokomola, ananjenjemera, n'kukhala chete. Wafiriji anali atazolowera kulira kwake kotero kuti kukhala chete kuja kunamudzutsa kuposa mfuti. Anayang'ana pagalasi loonera kumbuyo. Kanyali kobiriwira kanali katasanduka kofiira.

Analiza hutala mpaka khwangwala anathawa padenga. Woyamba kubwera anali Loko, akuthamanga, chimwinjiro chikumukola m'miyendo. Anaima pansi pa zenera monga mwa lamulo, n'kufunsa mokweza kuti adalaivala akusowa chiyani. Maso ake okha ndi amene ankaoneka pamwamba pa masiki, ndipo masowo ankafunsa zina.

Wafiriji anamufotokozera msangamsanga. Dizilo analipo m'thanki ya lole yeniyeniyo; ankangofunika kumupopa ndi paipi kupita m'chigubu, n'kuthira m'thanki ya makina. Anatulutsa kiyi wa thanki pampata wa zenera. Loko anapeza paipi m'bokosi la zida, anatsitsa masiki, nayamwa monga anamuuzira. Dizilo anamufika m'kamwa, analavula, anatukwana mawu amene Madala anati sanawamvepo pakamwa pa mkazi chibadwire. Koma chigubu chinadzaza.

Makina anakana kulira. Anali atamwa mphepo pamene dizilo ankatha, ndipo mphepoyo inkafunika kuitulutsa pomasula kabawuti kena kobisika kuseri kwa sefa, kwinaku munthu akupopa ndi chala. Kapitawo anafika, anakwera yekha, anamasula bawuti ina yosakhala imeneyo, mafuta anamuthira m'manja. Wafiriji ankakuwa kuti kumanzere, pansi pang'ono, koma pagalasi ankangoona msana wa munthu. Makaniko wa depoti anali kumbindikiro. Wina wa kunja anati sangafike dzuwa lisanalowe, misewu ndi yotseka.

Mu ngolo kutentha kunkakwera. Wafiriji anaganiza za azakhali ake, amene ankadzibaya mankhwala omwewa pantchafu m'mawa uliwonse ndipo mwezi wathawu anabwerera chimanjamanja kuchipatala. Anaganizanso za malaya ositidwa aja, opindidwa bwino m'chikwama kuseri kwa mpando. Mankhwala sanali ake, depoti sinali yake, ndipo iye anali atachenjeza. Akanangokhala phee, palibe akanamuloza chala. Anaika dzanja pachogwirira chitseko, analichotsa, analiikanso.

Loko anabwerera pansi pa zenera. Analankhula motsitsa, kuti mchimwene wake asamve.

"Ndikukuona. Usatsegule."

"Zionongeka zonse."

"Ukatsegula, potuluka kumbindikiro udzandipeza nditapita."

Wafiriji anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu wofuna kuloweza nkhope, kenako anakankha chitseko. Pepala linang'ambika ndi kaphokoso kakang'ono kwambiri, kosayenera chinthu chomwe chinamusunga masiku onsewo.

Miyendo inamupereka atangoponda pansi, anagwira tayala kuti asagwe. Kapitawo anadumpha pangolo n'kubwerera m'mbuyo, akulamula aliyense kuti atalikire. Alonda ndi anyamata otsitsa katundu anapanga bwalo lalikulu, ngati anthu oonerera nyumba ikupsa. Wafiriji anakwera, anapeza kabawuti kaja mosayang'ana n'komwe, koma ntchitoyo inkafuna manja atatu: lina logwira sipanala, lina lopopa, lina lokanikiza batani loyatsira. Anatembenuka kuti apemphe, ndipo anthu onse anayang'ana pansi.

Loko anavula magolovesi, anawaponya pansi, nakwera.

Mchimwene wake anamuitana ndi mawu amene ankamuitanira ali mwana, kumuuza kuti atsike msanga, kuti munthuyo wachokera kutali ndipo palibe akudziwa zomwe wanyamula m'chifuwa. Loko anachita ngati sakumva. Anaima phewa ndi phewa ndi Wafiriji pakachitsulo kopapatiza, naika chala pamene anamulozera. Pofuna kuti asaterereke anagwira mkono wake, ndipo sanausiye ngakhale atakhazikika. Thovu linatuluka pabawuti, kenako dizilo woyera. Makina anatsokomola kawiri, anagwira, nayamba kulira ngati kale. Madala analiza hutala m'lole yawo, akuseka okhaokha kuseri kwa galasi.

"Wapenga kodi iwe?" anatero kapitawo. "Ukudziwa kuti nawenso ukupita kumbindikiro?"

"Ndikudziwa, achimwene."

"Chifukwa cha dalaivala?"

"Chifukwa cha alamu anu."

Kapitawo anayang'ana mlongo wake, anayang'ana mkono umene anaugwira uja, kenako anatembenukira alonda n'kuwakalipira kuti akuonerera chiyani, aitane galimoto ya zaumoyo. Pamene awiriwo ankakwera galimotoyo, kapitawo anaima patali n'kunena kuti nkhaniyi sinathe, adzaikamba akadzatuluka, ndipo dalaivalayo asaganize kuti kukonza firiji ndiye kukwatira. Za kusamuka kuja sanatchulenso. Anangofunsa mlongo wake ngati amutumizire bulangete lake labuluu kapena lina lija.

Kusukulu yakale anawalekanitsa pakhomo pomwe. Amuna ankagona m'makalasi a kumanja, akazi a kumanzere, koma poti malo anali atachepa, Loko anamuika m'kachipinda kosungiramo mabuku, koyandikana ndi kena komwe anaikamo Wafiriji. Chitseko cha Wafiriji anachitseka ndi kiyi kunja. M'kachipindamo munali bedi lachitsulo, ndowa, ndi zenera lalitali loonetsa nthambi imodzi ya mtengo. Kanali kokulirapo pang'ono kuposa mutu wa lole.

Wafiriji anagogoda khoma ndi chala. Mbali inayo kunagogodanso. Anakhala pansi, natsamira khomalo, akumwetulira yekha, akuganiza zoti tchuthi chapita koma mtsikana ali pompano, kuseri kwa njerwa imodzi.

Kenako anamva Loko akutsokomola. Chinali chifuwa chouma, chachifupi. Anadziuza kuti ndi dizilo uja anamulowa kukhosi, palibenso china. Anagunditsa khutu pakhoma, anagwira mpweya wake, nadikira kuti amve ngati atsokomolenso.